Chisanu Chinapha Dimba Langa ku Joni

Chinali chaka cha 1982, ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri. Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye amene muwerenge izi, makamaka inu a kwathu amene muli kuno ku Joni. Ine ndine Wilisoni Kampango, kwathu ndi ku Balaka. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, choncho musayembekezere mawu okometsera. Ndilemba za chaka chimene ndinatsala pang'ono kuchotsedwa pamalo okhawo amene ndinali nawo padziko, chifukwa cha kuuma mutu kwanga, ndi mmene Mulungu anandipulumutsira kudzera mwa munthu amene ndinamunyoza.

Ndinagwira ntchito ya mumgodi zaka makumi awiri ndi zitatu. Kontalakiti ikatha ndinkapita kwathu, kukhala miyezi ingapo, n'kubwereranso. Kumapeto kwa 1981 zinthu ziwiri zinandipeza mwezi umodzi. Dokotala wa pamgodi anajambula chifuwa changa nati fumbi ladya phapo limodzi, ntchito yatha, ndizipita kwathu. Kenako inafika kalata ya mlamu wanga. Inati akazi anga, Nachisale, anamwalira ndipo maliro anaikidwa kale. Inatinso munda wabwerera kwa eni mbumba, ndipo ana awiri, Esinati ndi Yohane, ali kwa amalume awo. Ine ndinali mkamwini. Mkamwini mkazi akafa amatenga chipewa chake n'kumapita. Kwa makolo anga kunalibenso munthu amene akanandizindikira.

Kalatayo ndinaiwerenga kawiri, ndinaipinda, ndinapita kukadya. Sindinalire. Anzanga a m'komboni anabwera kudzapepesa ndipo ndinawathokoza monga mwa mwambo, koma m'kati mwanga munalibe kanthu. Zinali ngati mwendo ukachita dzanzi, umautsina koma osamva. Kutchalitchi ndinkapitabe. Ena akaima ndinkaima, akakhala ndinkakhala. Kupemphera ndinasiya.

Chimene ndinatsala nacho chinali chitini cha tiyi. Miyezi isanu asanamwalire, Nachisale anapatsira munthu wobwera kuno kaphukusi ka mbewu. Munali chimanga cha makolo, nyemba za nanyati, nthanga za maungu, ndi njere za phwetekere wamng'ono uja wowawasa, zomatirira pakansalu mmene anaziyanikira. Uthenga wake unali woti ndizikumbukira kuti kwathu kuli munda. M'komboni munalibe podzala, choncho mbewuzo ndinazitsekera m'chitinimo.

Kwathu sindinapite. Mkulu wina wa mpingo anandiuza za koleji ina ya mpingo kuseri kwa Soweto, kumene achinyamata ankaphunzira ukalipentala, kusoka ndi ulimi. Ankafuna munthu wodziwa khasu. Mphunzitsi wa ulimi, a Mokoena, ankadziwa za m'mabuku, koma ophunzirawo anakulira m'lokeshoni, ambiri anali asanagwirepo mpini. Mkulu wa kolejiyo anavomera kundikonzera mapepala ndi kumasayina pasi yanga mwezi ndi mwezi. Pasi kanali kabuku. Popanda siginecha ya bwana, wapolisi ankakukweza m'galimoto, ndipo mlendo ngati ine ankakamutaya kumalire. Anandipatsanso kachipinda kuseri kwa nyumba yosungiramo zida. Ndinayamba mwezi wa Febuluwale.

Tsiku loyamba a Mokoena anandiuza lamulo la pamalopo. Munda sunali wa aphunzitsi, unali wa ophunzira. Iwo ankasankha komiti ya anthu asanu ndi awiri, ndipo komitiyo ndiyo inkagamula chodzala, podzala ndi nthawi yodzala, pokweza manja. Zokolola zinkapita kukhitchini ya koleji, kumene onse ankadya. Akalakwitsa, kulakwitsako ndiye phunziro. Komitiyo ndiyonso inkanena ngati wothandiza kumunda akufunikabe kapena ayi. Ndinaona ngati chipongwe kuti munthu wa imvi azigamulidwa ndi ana.

Wapampando wa komiti anali Lindiwe, mtsikana wamfupi wa zaka makumi awiri ndi zinayi, amene anasiya mwana wake wamng'ono kwa mayi ake kuti adzaphunzire. Ankalankhula mosazungulira. Ine ndinkawalankhula m'Chifanakalo cha mumgodi, chifukwa ndicho ndinkachidziwa bwino. Sabata yoyamba yomwe anandiimitsa pakati pa munda.

"Madala, kuno si mumgodi. Chilankhulo chimenecho n'cha kapitawo, chongolamula."

Ndinamuyang'ana, ndinapitiriza Chifanakalo changa. Koma ntchito ndinkaidziwa, ndipo iwo anaona. Ndinawaonetsa kagwiridwe ka khasu koti msana usathyoke, kuunga mizere yopingasa malo otsetsereka kuti madzi asakokolole nthaka, ndi kukwirira zinyalala m'malo moziwotcha. Pofika Epulo ankandimvera. Ngakhale Sipho, mnyamata wamtali wanthabwala amene poyamba ankanditsanzira kayendedwe, anayamba kundifunsa asanalime.

Kumunsi kwa mundawo kunali kakhwawa, ndipo m'mbali mwake nthaka inali yakuda, yonyowa, yongomera udzu. Nditaiona ndinati ili ndi dimba. Kwathu mvula ikatha, mwezi wa Meyi, timatsikira kudimba. Timadzala chimanga, nyemba, maungu ndi phwetekere, ndipo ena akamalira ndiwo m'chilimwe ife timadya zamasamba. Ndinachita zimenezo ndi bambo anga, ndinachitanso ndi Nachisale.

Pamsonkhano wokonza za nyengo yozizira, komiti inkafuna kudzala kabichi, sipinachi ndi anyezi kumtunda, monga chaka chilichonse. Ine ndinaimirira ndi chitini changa. Ndinati theka la manyowa ndi theka la anthu atsikire kukhwawa, tikatsegule dimba, ndipo pofika Julayi ndi Ogasiti koleji idzakhala ikudya nkhwani ndi tomato pamene Soweto yonse ikudya kabichi.

Lindiwe anapukusa mutu. "Baba, Juni kuno kumagwa isithwathwa. Chisanu chija chimayera pansi m'mawa. Ndipo chimayambira kukhwawa komweko."

A Mokoena anati wapampando wanena zoona. Ananena kamodzi kokha, chifukwa lamulo silinkawalola kupitirira apo.

"Kuzizira ndikukudziwa," ndinatero. "Ndinafika m'Joni muno ambiri a inu musanabadwe."

"Kuzizira kwa munthu ndi kwina, kwa mbewu ndi kwina," anatero Lindiwe.

Apo ndinalankhula mawu amene ndikuwalemba ndi manyazi. Ndinati, "Iwe unadzalapo chiyani? Chimene unakolola iwe ndi mwana wopanda bambo uja."

Lindiwe anayang'ana papepala lake, nati amene akufuna dimba akweze manja. Anakweza asanu. Ankandilemekeza ngati mkulu, komanso anali atatopa ndi kabichi. Okana anali awiri, iye ndi mtsikana wina.

Chimene sindinkachidziwa n'chakuti Joni amene ndinkamudziwa ine anali wapansi. Zaka zonsezo ndinkalowa m'chikepe kusanache, kutsika kumene kumatentha chaka chonse, n'kutuluka dzuwa litapendeka. Masiku opuma ndinkaona zoyera pamalata m'mawa, ndinkavala jasi, basi. M'dziko lino ndinali ndisanadzalepo ngakhale njere imodzi. Mwala wa pansi pa Joni ndinkauzindikira ndi kugogoda kokha, koma za nthaka ya pamwamba pake ndinali mlendo.

Panalinso lamulo lina limene ophunzirawo anadzipangira okha. Mbewu iliyonse yolowa m'mundamo, pang'ono ankapatula n'kuika mu envulopu, kulemba dzina, n'kusunga m'kabati. Tsiku lodzala Lindiwe anabwera ndi maenvulopu ake. Ndinakana. Ndinati izi si mbewu za koleji, zonse zilowa m'nthaka. Chimanga, nyemba ndi maungu ndinagawira ophunzira m'manja, aliyense mzere wake. Phwetekere sindinapatse munthu. Kansalu kaja ndinakanyika ndekha m'madzi, njere zinayandama, ndinazifesa ndekha panazale, ndipo zitakula ndinawokera ndekha.

Meyi masana kunkafunda, ndipo zonse zinamera. Chimanga chinafika pansi pa bondo. Maungu anatulutsa masamba anayi, asanu. Ndikhala ndikunama ndikati ndinakondwa, koma ndinkadzuka msanga kuposa kale, ndipo ndinkatsikira kukhwawa ndisanamwe tiyi.

Sabata yachiwiri ya Juni, Lachitatu, ndinatsika monga mwa masiku onse. Udzu unkalira khirichi khirichi pansi pa nsapato. Dimba lonse linali loyera ngati wina wawaza ufa. Madzi a m'ndowa anali ataumba chigalasi pamwamba. Mbewu zinali chiimire, zooneka zamoyo, ndipo ndinati mwina zapirira. Dzuwa litakwera ndi pamene zinaoneka. Masamba a maungu anafota ngati ofutsa. Chimanga chinagwa chammbali. Nyemba zinada. Phwetekere anada bii ngati wadutsa moto, ndipo nditagwira tsinde linangophwanyika madzi m'zala. Ndinatunga madzi n'kuthirira bedi ndi bedi mpaka kumapeto, ngakhale ndinkaona kuti ndikuthirira zakufa.

Ophunzira anatsika n'kuima m'mbali. Sipho anati, "Madala, tomato wa Julayi uja tizibwera ndi mbale liti?" Palibe anaseka. Ine ndinatsuka khasu, ndinaliika m'malo mwake. Belu la chakudya litalira ndinapita kukadya. Zinali ngati tsiku la kalata lija. Ndinkadziwa kuti china chachikulu chachitika, koma sichinkafika m'kati.

Kumtunda kabichi anali theka la wa chaka chilichonse, ndipo nthawi yofesa wina inali itapita. Mayi wophika kukhitchini anayamba kuchulutsa madzi m'ndiwo, ndipo ankandiikira mbale osandiyang'ana. Lolemba a Mokoena anabwera kuchipinda kwanga nati komiti ikumana Lachisanu kuti igamule za ine. Anati, "A Kampango, chimene agamule ine sindingachisinthe, ndipo abwana asayina pasi pokhapokha muli pantchito." Ndinati ndamva. Ndinapinda bulangete ndi malaya awiri, ndinaika m'chikwama pamodzi ndi chitini chopanda kanthu chija. Sindinaganize kumene ndidzapite. Ndikanatayidwa kumalire, kutsogolo kunalibe khomo, kumbuyo kunalibe khomo.

Lachisanu m'mawa ndinatsikira kudimba komaliza. Pamenepo ndinavula chipewa, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikire kalata ija ndinapemphera. Ndinati, "Ambuye, mukudziwa pamene ndaima. Ine mawu ndilibe." Pemphero lonse linali limenelo. Sindinamve mtendere, sindinamve liwu. Ndinavala chipewa n'kukwera kumtunda.

Msonkhano unali m'kalasi momwe muja. Anandipatsa mpando, ndinakana, ndinaima pafupi ndi khomo. Sipho ndiye anayamba, ndipo tsiku limenelo nthabwala analibe. Anati anthu akudya msuzi wa madzi chifukwa cha munthu mmodzi wosamva, amene ananyoza wapampando pamaso pa onse ndipo mpaka lero sanapepese. Anati wothandiza kumunda amene sadziwa nyengo ya kuno sangaphunzitse ulimi wa kuno. Zonse zimene ananena zinali zoona. Atandifunsa ngati ndili ndi mawu, ndinati, "Ndinadzala nthawi yolakwika."

Kenako Lindiwe anatsegula chikwama chake n'kuika maenvulopu atatu patebulo. Anakhuthula imodzi. Chinali chimanga cha Nachisale, choyera, chamaso olimba, mwina chodzaza dzanja kawiri. Ina nanyati. Ina nthanga za maungu.

"Lamulo la mbewu ndi lamulo, Baba," anatero. "Munakana kupereka, ndiye tinatenga. Tsiku lodzala ndinauza aliyense kuti pa zimene mwamugawira, zingapo aponye m'thumba."

Kenako anatembenukira kwa anzake. "Ine dimba lija ndinalikana, ndipo mwaona nokha. Mawu amene madala awa anandinena sindinaiwale, ndipo sindidzaiwala. Koma munda uno sagamula ndi madala. Munakweza manja ndinu, anthu asanu. Iwe Sipho dzanja lako linali m'mwamba kuposa onse, ukufuna tomato. Ngati lero tikuchotsa olakwa, atuluke anthu asanu ndi mmodzi."

Sipho anayang'ana pansi.

"Ndipo mbewu izi," anapitiriza, "pano palibe amene adziwa kutalikana kwake, kapena mmene amasanganizira maungu m'chimanga. Amene adziwa ndi awa. Nyengo sadziwa. Ndiye atsale, koma Lachiwiri lililonse azikhala pabenchi m'kalasi la a Mokoena ngati ife tonse. Ndipo Chifanakalo chitsale mumgodi."

Anaitanitsa manja. Ofuna kuti ndichoke anali atatu. Ofuna kuti nditsale anali atatu. Lindiwe anandiyang'ana kanthawi, kenako anakweza lake kuti nditsale.

Ndinasendera patebulo n'kugwira chimangacho. Ndinafunsa kuti, "Nanga phwetekere?"

"Munafesa nokha, Baba. Simunapatse munthu."

Onse atatuluka ndinamudikira pakhomo. Ndinavula chipewa. M'moyo wanga ndinali ndisanavulirepo chipewa munthu wa msinkhu wa mwana wanga. Ndinati, "Mayi wapampando, ndinakulakwirani, ndinalakwiranso mwana wanu."

Anatseka chikwama chake. "Lachiwiri, eyiti koloko. Mubwere ndi pensulo."

Ndinabwera ndi pensulo. Benchi inali yaifupi, maondo ankagunda desiki. Ndinaphunzira kuti mphepo yozizira imatsetsereka ngati madzi n'kukadikha m'khwawa, ndi kuti kuno mbewu zanthete sizidzalidwa chisanu chomaliza chisanadutse. A Mokoena ankandifunsa mafunso ngati ena onse, ndipo ndikalakwa ankati ndalakwa. Sipho ankandibwereka labala, nthawi zonse ndi mawu akuti ndisamalize.

Mvula itayamba kumapeto kwa Okutobala tinadzala za m'maenvulopu zija kumtunda, pamizere. Zinakwana mizere isanu ndi umodzi yokha. Nthawi imeneyi ndisanagawe ndinapatula ndekha za m'kabati. Chimanga chinakula kupitirira Sipho. Maungu anayanga mpaka kumpanda. Ndinasinja mtedza n'kuonetsa mayi wophika kutendera nkhwani. Ophunzira anayamba n'kukana, kenako mphika unatha. Chaka chotsatira Lindiwe anamaliza maphunziro n'kupita kukagwira ntchito ya ulangizi kutali, ndipo anatenga envulopu yake ya maungu. Sindinamuonenso. Ine ndinakhala pakolejipo mpaka 1993, pamene chifuwa chinakana khasu. Komiti iliyonse yatsopano inkagamula za ine, ndipo chaka chilichonse ndinkaima pafupi ndi khomo kudikira manja.

Ena mukufuna ndinene kuti tsiku lija ndinalira, mtima unamasuka. Sizinatero. Dzanzi lija linachepa pang'onopang'ono, ndipo lina lilipobe. Koma ndikuchitira umboni kuti ndinapemphera m'mawa wopanda chikhulupiriro chokwanira supuni, ndipo masana yankho linali patebulo. Ambuye anali atalikonza kale mwezi wathunthu ndisanapemphe, m'matumba a ana amene ndinkawayesa osadziwa kanthu, mwa lamulo la mtsikana amene ndinamuchititsa manyazi. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo. Ndikuthokozanso Lindiwe, kulikonse ali.

Inu amene muli kuno ndipo mwafika poti simumvanso kanthu, musadikire kuti mumve kaye ndiye mupemphere. Nenani mawu amene muli nawo, ngakhale akhale asanu. Pitani kumsonkhano umene mukuuopa. Ndipo wamng'ono akakuuzani za dziko limene anabadwira, tsekani pakamwa.

Kupulumuka sikubweza zonse, ndipo sindifuna wina aganize kuti ndabisa. Mabedi makumi atatu ndi anayi anapsa ndi chisanu. Ophunzira anadya msuzi wa madzi miyezi itatu chifukwa cha ine. Phapo limodzi linatsala mumgodi. Munda wa ku Balaka unapita. Mkazi mmodzi, manda ake sindinawaone. Ana awiri, Esinati analemba kamodzi, Yohane sanalembepo. Ndi phwetekere wa Nachisale, amene ndinamusunga m'dzanja langa ndekha, njere zonse, osatsalako ndi imodzi yomwe.